Nyanga ya Mbuzi ndi Mano a Hatchi

Mutu uno ndaulemba chifukwa cha inu ana anga, Chisomo ndi Tadala, komanso adzukulu anga amene Chishona chidawakhazikika pakamwa kuposa chiyankhulo cha makolo awo. Mwakhala mukundifunsa chimene chidatichotsa ku Chipinge pakati pa chaka, titakwera lole ya nkhuni, inu mukadali aang'ono. Nthawi zonse ndinkayankha kuti ntchito idatha, nkhani n'kuthera pomwepo. Yankho limenelo silidali bodza, koma lidali loperewera. Tsopano ndidapuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo muukalamba uno ndalembetsa maphunziro a ziyankhulo kukoleji, kumene ndimakhala benchi limodzi ndi achinyamata a msinkhu wa adzukulu anga. Tsiku lina mphunzitsi wathu adatiuza kuti tifufuze magwero a zining'a ndi miyambi ya Chingerezi. Anzanga adathamangira mafoni awo. Ine sindidagwire foni, pakuti ndidazindikira kuti nkhani imene iwo ankaiona ngati ntchito ya sabata imodzi ndi yomwe idandichotsera denga pamutu. Ndasankha kulemba m'Chichewa cholongosoka, chimene kuno timachitcha Chinyanja, osati chosakaniza chija timayankhula pamsika wa ku Ruda, kuti mudzaone nokha kuti chiyankhulo chathu chimatha kusenza nkhani yolemera.

Ku Honde, zaka zoyambirira pambuyo pa ufulu

Za ubwana wanga sindinenapo zambiri. Bambo ndi mayi anga adachokera ku Mulanje kudzathyola tiyi, ndipo ine ndidabadwira m'komboni, m'nyumba za antchito. Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza pasukulu ya pulaimale ya pamunda wa tiyi kufupi ndi Ruda. Nthawi imeneyo ana adali ochuluka kwambiri, aphunzitsi ochepa, motero adandilemba ndisanapite n'komwe kukoleji ya uphunzitsi. Mphunzitsi wamkulu adali a Nyakudya, Mmanyika wofatsa, wa mtundu wa Ashona a kuderalo, amene ankasamala njinga yake ngati mwana wakhanda. Adandipatsa buku limodzi lopanda chikuto, choko chodukaduka, ndi kalasi yotsiriza ya pulaimale kuti ndiziiphunzitsa Chingerezi. Makope adali osowa. Tinkawadula pakati ndi mpeni kuti kope limodzi likwanire ana awiri.

Miyambi ya Chingerezi tinkaiphunzitsa monga momwe ifenso tidaiphunzirira. Mphunzitsi ankailemba pabolodi, kenaka n'kumatchula mwambi, ana n'kumayankha tanthauzo lake moimba, zonse m'Chingerezi. Anawo ankaloweza ndithu. Ankatha kuimba miyambiyo ngakhale posesa bwalo. Koma akati alembe chimangirizo, ankaisomeka paliponse ngati zigamba pa malaya atsopano. Mwana amene akufotokoza za maliro a agogo ake ankaikapo mwambi wa chisangalalo, chifukwa ndi umene adaukumbukira.

M'kalasimo mudali mtsikana wina dzina lake Linesi, mwana wa banja lochokera ku Mozambique. Adali wosachedwa kufunsa ndiponso wosaopa kusekedwa. Tsiku lina tinkaimba mwambi uja wakuti "Never look a gift horse in the mouth," umene bukulo linkati umatanthauza kuti mphatso saipezera zifukwa. Linesi adakweza dzanja.

"Mistiresi, kodi m'kamwa mwa kavaloyo muli chiyani choti anthu asachione?"

Anzake adaseka, ena chifukwa cha funsolo, ena chifukwa adati kavalo monga ankanenera makolo ake pamene ife tinkati hatchi. Mnyamata wina kumbuyo adakuwa kuti, "Muli chibwenzi chako!" ndipo kalasi yonse idagwa nalo phwete. Linesi adatembenuka n'kumuyankha kuti, "Ndiye kuti ndiwe uli m'menemo, n'chifukwa chake akuti tisayang'ane." Nditawakhalitsa chete, ndidamuuza zoona: sindinkadziwa, koma ndidzamuyankha.

Ndidakafunsa a Nyakudya. Iwo adandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nati, "Mwanangu, zimenezo sizibwera pamayeso. Eni ake adanena, ife tiloweze." Koma ine ndidali nditalonjeza mwana. Kumapeto kwa mwezi ndidakwera basi ya ku Mutare, ulendo wokhotakhota wokwera phiri uja, n'kukalowa m'laibulale. Kumeneko ndidapeza mtanthauziramawu waukulu wofotokoza magwero a zining'a. Yankho lidali losavuta moti ndidaseka ndekha. Msinkhu wa hatchi umadziwika ndi mano ake. Wogula amaitsekula pakamwa kuti aone ngati sakumugulitsa nkhalamba. Koma munthu akakupatsa hatchi kwaulere, iwe n'kuyamba kuiona mano, ndiye kuti ukuyeza mphatsoyo pamaso pa mwini wake.

Hatchi kwathu kudalibe, koma ng'ombe zidalipo. Pa tsiku losambitsa ng'ombe ndidatenga kalasi yonse kupita kudibi. Ndidapempha bambo wina kuti atsekule pakamwa pa ng'ombe yake yolimira. Ana ambiri ankadziwa kale kuti mano ophwephweseka ndi a ng'ombe yakale. Ndidawafotokozera mwambi uja m'Chinyanja ndi m'Chimanyika, tili chiimire m'matope.

"Ndiye kuti ukapatsidwa ng'ombe n'kuyamba kuisuzumira m'kamwa," adatero Linesi, "ukunena kuti mwini wakeyo wakutayira nkhalamba?"

"Eya."

"Aa, ndiye ndi mwano umenewo! Azungunso amadziwa mwano eti?"

Kuyambira tsiku limenelo palibe mwana wa m'kalasi imeneyo amene adausomekanso mwambiwo pamalo olakwika. Ine ndidapeza njira yanga yogwirira ntchito, ndipo sindidaisiye mpaka kupuma. Lachisanu lililonse tinkatenga mwambi umodzi n'kupita nawo kumene zinthu zake zimachitika. Ana ankati tikukaperekeza mwambi kwawo. Mwambi wakuti "Strike while the iron is hot" tidapita nawo kuchipala cha pamundapo, kumene wosula ankakonza makasu ndi zikwakwa. Anawo adaona chitsulo chili psuu chikupindika mosavuta pansi pa nyundo, ndipo chitazizira nyundo inkangodumpha. Palibe amene adafunikanso kuuzidwa kuti mwayi umagwiritsidwa ntchito usanazizire. Wakuti "Make hay while the sun shines" udali wosavuta kwa mwana wa ku Honde. Ndidawauza kuti alimi a ku Ulaya amamweta udzu n'kuuumitsa kuti ziweto zidzadye m'nyengo yachisanu, ndipo mvula ikaupeza uli pansi umaola. Anawo adakumbukira amayi awo akuthamangira kukaanula chimanga kukayamba mvula yamawawa ija Amanyika amati guti, imene mayi anga ankaitchabe chiperoni monga kwawo ku Mulanje. Chining'a chakuti "to learn the ropes" chidativuta, pakuti nyanja sitidaionepo. Ndidajambula pansi chombo cha matanga, ndipo tidamanga zingwe za makungwa a nthochi pamtengo wa mango. Ndidawauza kuti mnyamata wolowa kumene ntchito m'chombo ankayenera kudziwa chingwe chilichonse ndi ntchito yake. Mwana wina adati, "Ngati wolowa kumene m'tiyi, amene sadziwa kuti amathyola masamba awiri ndi kansonga." Ndidamuuza kuti wamvetsa.

Pobwerera kusukulu mwana aliyense ankapatsidwa ntchito yoti akafunse kunyumba mwambi wofanana nawo. Wa Chingerezi wonena kuti si zonse zonyezimira zili golide udabwerera ndi mnzake wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Woletsa kulirira mkaka wotayika udakumana ndi wathu wakuti madzi akatayika saoleka. Mwana wa Chimanyika adabweretsa wakuti "Chara chimwe hachitswanyi inda," ndipo a Chinyanja adakuwa kuti wawabera, popeza kwawo amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pamene magwero sankadziwika, ndinkanena kuti sakudziwika. Chining'a chija chakuti "raining cats and dogs," chonena za mvula yamphamvu, ndidapeza kuti akatswiri enieniwo sagwirizana za kumene chidachokera, ndipo ndidawauza anawo chomwecho. A Nyakudya sadandiletse. Ankangoti, "Yendani nawo, mwanangu, koma woyendera masukulu akabwera mubwerere pabolodi muziimba."

Ku Chipinge, zaka za chilala chachikulu

Pakati apa padachitika zambiri zimene ndidazilemba m'mitu ina. Ndidapita kukoleji ya uphunzitsi, ndidakwatiwa, mudabadwa inu, ndipo bambo anu adamwalira. Bambo anganso atamwalira, nyumba ya m'komboni idapatsidwa wantchito wina, motero mayi adadzakhala ndi ine. Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimene adzukulu anga sangachidziwe. Anzathu a Chishona ntchito ikatha ankapita kumudzi kwawo. Ife tidalibe mudzi. Ku Mulanje kudali kutali, ndipo amene ankawadziwa mayi kumeneko adali atatha. Kwa ife ntchito ndi nyumba zidali chinthu chimodzi. N'chifukwa chake nditamva za malo a mphunzitsi pasukulu ina ya pamunda wa tiyi ku Chipinge, okhala ndi nyumba ya zipinda zitatu ndi mpopi pakhomo, sindidaganize kawiri. Sukulu idali ya kampani, malipiro ankachokera kukampani, nyumbanso idali ya kampani.

Ophunzira a kumeneko adali okulirapo. M'mawa ankathyola tiyi kuti alipirire maphunziro awo, masana n'kulowa m'kalasi zala zili bii ndi utomoni wa masamba. Chaka cha chilala tiyi adauma nsonga, chakudya chidachepa, ndipo ana ankasinza pamadesiki ndi njala. Mphunzitsi wamkulu adali a Dhliwayo, Mndau wamtali wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sindifuna kuti muwaone ngati munthu woipa. Iwonso adakulira m'mizere ya tiyi, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Chingerezi ndicho chidawatulutsamo, ndiponso kuti mwana sangachidziwe ngati akuloledwa kuthawira m'chiyankhulo cha kwawo. Pa chifukwa chimenechi adakhazikitsa lamulo la nyanga. Idali nyanga ya mbuzi yoboola kunsonga, yomangidwa pachingwe. Wophunzira akamveka akuyankhula Chindau, Chishona kapena Chinyanja pasukulu, ankavekedwa nyangayo m'khosi. Kuti aivule ankayenera kugwira mnzake akuyankhula chakwawo. Amene sabata yamuthera ali nayo ankatchetcha udzu pabwalo la mpira Loweruka. Zotsatira zake ndidaziona msanga. Anawo sadayambe kuyankhula Chingerezi. Adangosiya kuyankhula. Wovala nyanga ankayenda yekha ngati wakhate, anzake akumuthawa.

Ine ndidapitiriza kuperekeza miyambi kwawo, ndikufotokoza m'Chinyanja ndi m'Chindau changa chothyokathyoka. Sipadapite nthawi a Dhliwayo adandiitana. Ankayankhula nane m'Chingerezi chokhachokha, koma ndilemba mawu awo m'chiyankhulo chathu.

"Mayi Chisale, ndamva kuti m'kalasi mwanu mumamveka ngati pachigayo."

"Ndimafotokoza magwero a mwambi m'chiyankhulo chimene mwana amaganizira, ahedi. Akamvetsa timabwerera ku Chingerezi."

"Pepala la mayeso lidzawafotokozera m'Chindau?"

"Ayi. Koma silidzawafunsanso kuti aimbe. Lidzafuna kuti agwiritse ntchito."

"Ine ndidaloweza, ndipo ndili pano."

"Ndipo anzanu amene mudaloweza nawo ali kuti, ahedi?"

Adayang'ana kunja. Tonse tinkadziwa kumene adali, pakuti pawindo pankaoneka madengu akuyenda m'mizere. Kenaka adati lamulo ndi lamulo, ndipo likukhudza m'kalasi mwanga ngati mmene likukhudzira pabwalo.

Lachisanu lotsatira ndidapeza nyanga ili m'khosi mwa Luka, mnyamata wachete amene Loweruka lililonse ankayenda wapansi kukaona mayi ake odwala kumudzi. Ndidamufunsa chimene adanena. Adayankha monong'ona kuti adapepesa mnzake m'Chindau atamuponda phazi. Phunziro la tsikulo lidali mwambi wakuti "Don't put all your eggs in one basket," ndipo ndidali nditabwereka dengu lothyolera tiyi ndi mazira a nkhuku za mayi. Ndidafunsa kalasi chimene chingachitike wonyamula dengu akapunthwa. Aliyense ankadziwa, koma palibe adatsekula pakamwa. Maso onse adali pa Luka, ndipo maso a Luka adali pa milomo ya anzake, kudikira amene angaterereke kuti iye akaone mayi ake. Ndidayang'ana ana aja ndipo ndidakumbukira bambo anga ataima pamaso pa mkulu wa munda, chipewa m'manja, munthu wodziwa kuyankhula pamaliro ndi pamilandu atasanduka bubu. Ndidapita kwa Luka n'kumuuza m'Chinyanja, mokweza kuti onse amve, "Bwera nayo kuno. Wandigwira ndikuyankhula chakwathu." Ndidaivala m'khosi. "Tsopano nyanga ili ndi mwini wake. Yankhulani." Poyamba adaseka mwamantha. Kenaka mtsikana wina adati mazira onse aphwanyika, wina adati agogo ake sasunga mbewu m'nkhokwe imodzi, ndipo m'kalasimo mudamveka ngati pachigayo ndithu. Tisanaweruke aliyense adalemba chiganizo chake cha Chingerezi chokhala ndi mwambiwo pamalo oyenera.

Loweruka ndidatenga chikwakwa n'kupita pabwalo la mpira, nyanga ili m'khosi, pakuti lamulo linkatero. Amayi a m'komboni popita kudimba adaima n'kumandiyang'ana. Mmodzi, mnzanga wa kumpingo, adakuwa kuti, "Amake Chisomo, kodi mwayamba using'anga?" Ndidamuyankha kuti ndikuchiza ana osayankhula. Lolemba ndidabweza nyanga ku ofesi, ndipo pofika masana idali m'khosi mwa mwana wina. Ndidaitenganso. Zidapitirira motero kwa masabata angapo, ndipo bwalo la mpira lidayera kuposa kale. Nkhani idafika kwa akuluakulu a kampani. A Dhliwayo adandiitananso, nkhope ili yotopa osati yaukali.

"Mwandisandutsa choseketsa. Sukulu singakhale ndi malamulo awiri. Sankhani. Lolemba muphunzitse m'Chingerezi chokha ndipo nyanga muisiye kwa ana, kapena ndiuze kampani kuti sitingagwire ntchito limodzi. Mukudziwa za nyumba."

"Ndikudziwa, ahedi."

"Muli ndi mayi okalamba ndi ana awiri. Ganizani bwino."

Madzulo a tsiku limenelo ndidapeza mayi atakhala pakhonde akuswa mtedza. Ndidawafotokozera zonse. Sadasiye kuswa.

"Ndiye ukufuna tigone panja chifukwa cha nyanga ya mbuzi?"

"Chifukwa cha ana, amayi."

"Ana a eni. Ako ndi awa akusewera apawa. Iwe Nachisale, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpopi uwu ndaupeza ndili nkhalamba. Moyo wanga wonse ndatunga madzi kumtsinje."

"Mudandiphunzitsa ndinu kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Usandibwezere miyambi yanga ngati ndine wa m'kalasi mwako." Adapeta makoko kanthawi, kenaka adati, "Ungathe kuphunzitsa mmene akufunira abwanawo?"

"Ndingathe kuimirira kutsogolo n'kumaimbitsa. Koma ndikhala ndikudziwa kuti sakumva, ndipo nyanga ndikhala ndikuiona m'khosi mwa mwana."

"Ndiye wasankha kale. Wabwera kudzandiuza, osati kudzandifunsa. Chita, koma usadzandinamize kuti sizindipweteka."

Mawu amenewo adandilemera kuposa amene adanena a Dhliwayo. Lamulungu lonse ndidayenda nawo. Ndidayang'ana zipinda zitatu zija, ndidakuyang'anani inu mukusamba pampopi, ndipo ndidayesa kudziuza kuti ndigonje kwa chaka chimodzi chokha. Koma ndinkadziwa kuti chaka chimodzi chimabala chinzake. Lolemba ndidalowa m'kalasi, ndidapeza nyanga m'khosi mwa mtsikana wina, ndipo ndidatambasula dzanja kuti andipatse.

Mkulu woona za antchito, pondiuza kuti ntchito yatha, adagwedeza mutu nati nkhani yonseyi ndi "a storm in a teacup," kutanthauza phokoso lalikulu pa kanthu kakang'ono, ngati namondwe wa m'kapu ya tiyi. Ndidamuyankha mwaulemu kuti chining'acho ndimachidziwa, ndipo ndidachiphunzitsapo. Adatipatsa lole imene inkapita ku Honde kuti itinyamule. A Dhliwayo adabwera kudzatsanzikana nafe ndipo adathandiza kukweza kabati ya mayi. Tili panjira ndidazindikira kuti nyanga idali idakali m'thumba la diresi langa. Ndidamva pambuyo pake kuti a Dhliwayo adapeza ina. Mbuzi ku Chipinge n'zambiri.

Ku Mandeya, kufikira kupuma

Tidafikira ku Samanga kwa msuweni wa mayi, amene adatipatsa khitchini yake kuti tizigonamo anthu anayi. Mayi sankayankhula nane kupatula zofunikira. Ntchito sidapezeke msanga, ndipo ndinkapita ku Ruda kukafunsa ngati pali sukulu yosowa mphunzitsi. Tsiku lina ndikudikira basi, mayi wina wogulitsa nthochi, mwana kumsana, adandiyang'anitsitsa n'kukuwa kuti, "Mistiresi a kudibi!" Adali Linesi. Adali atakwatiwa m'banja la Chimanyika ku Mandeya. Atamva nkhani yanga adaomba m'manja nati, "Ndiye mukugona m'khitchini ndi agogo? Iyayi, zimenezo ayi." Adakayankhula ndi apongozi ake, apongoziwo adakayankhula ndi oyang'anira malo a m'mudzimo, ndipo patapita milungu adatiitana kuti tikaone pamene tingamange.

Tidayenda kanjira kokwera pakati pa minda ya nthochi, mayi akupuma pafupipafupi. Malowo adali pamtsetse, amiyala, ndipo madzi adali kumunsi kukhwawa. Mayi adayang'ana kumtunda, adayang'ana kumunsi, adagogoda mwala ndi ndodo yawo.

"Apa khasu lithyoka. Ndipo madzi ali kutali. Kodi padalibe pena pathyathyathya?"

Ine ndidachita manyazi pamaso pa apongozi a Linesi. Koma Linesi adaseka, adaimirira mowongoka ngati ali m'kalasi, manja kumbuyo, n'kunena m'Chingerezi chomveka bwino, "Never look a gift horse in the mouth."

"Akuti chiyani ameneyu?" adafunsa mayi.

"Ndikuti, agogo, kavalo wopatsidwa samusuzumira m'kamwa," adatero Linesi, ndipo adawafotokozera za mano a ng'ombe monga ndidamufotokozera iye kudibi zaka zambiri m'mbuyomo, osaphonya kanthu.

Mayi adamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka adaseka, koyamba chichokere ku Chipinge, mpaka adakhala pamwala uja. "Mwana uyu wanditukwana m'Chizungu, ndipo akunena zoona." Adagwada n'kuomba m'manja kuthokoza eni malo. Potsika adanditsina pamkono nati, "Ndiye zimenezi n'zimene unkaphunzitsa?" Ndidati inde. Adatsamira pa ine mpaka kumsewu.

Chaka chotsatira ndidapeza malo pasukulu ya khonsolo ya kufupi, ndipo ndidaphunzitsa pamenepo mpaka kupuma. Zaka zovuta zija zitafika, pamene m'masitolo mudalibe kanthu ndipo aphunzitsi ambiri adachoka, choko chidasowa kwa miyezi. Njira yanga sinkafuna choko, motero Lachisanu tinkatulukabe. Miyala ija tidaizula n'kumangira maziko a nyumba imene mukuidziwa, ndipo nthochi zidamera bwino kuposa mmene tinkayembekezera. Mpopi mayi sadauonenso. Madzi tinkatunga kukhwawa mpaka imfa yawo, ndipo sindikubisa kuti zimenezi zimandipwetekabe. Koma adagona kumtunda kwa nyumba, m'nthaka imene palibe kampani ingatiuze kuti tichokemo. Ali moyo, nyanga ija adaitseka ndi kachitsekerero ka mtengo n'kumasungiramo fodya wawo wapamphuno, ndipo alendo akafunsa ankati ndi penshoni ya mwana wawo.

Ndalemba zimene ndikukumbukira, koma mutu wa nkhalamba umataya zina n'kusokoneza zina. Ngati Luka, Linesi, a kubanja la a Dhliwayo kapena wina aliyense amene adakhala m'makalasi amenewa akukumbukira mosiyana, abwere ku Mandeya kapena atume mawu kudzera kumpingo, ndipo ndidzakonza. Odziwa Chichewa kuposa ine andilozere pamene kalembedwe kandiphonya, pakuti ndikadali wophunzira. Amene wapeza umboni weniweni wa kumene mvula ya amphaka ndi agalu idachokera andiuze msanga, chifukwa pali ana ambiri, ena a imvi tsopano, amene ndidawalonjeza yankho. Koma za mano a hatchi musavutike kundikonza. Phunziro limenelo ndidaligula ndi denga.